Chapachifuwa chikukubayani pakhosi chifukwa munachiyeza mutaimirira

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri, ndipo zithunzi zanu ndaziyang'anitsitsa. Mwanena kuti mwapanga chapachifuwa ndi zapamapewa pogwiritsa ntchito fomu ya EVA, yofewa koma yolimba ngati ya mapatapata ija, motsanzira zovala zankhondo zachitsulo za asilikali akale a ku Ulaya, koma mukakhala pampando chapachifuwacho chikumakwera n'kukubayani pakholingo, zapamapewa zikumatsetserekera kumsana, manja sakukwezeka bwino, ndipo penti yayamba kale kung'aluka. Mwafunsanso ngati mukagule fomu ina yodula kuti muyambirenso. Ndikuuzeni mosapita m'mbali kuti fomuyo ilibe mlandu, choncho ndalama zanuzo zisungeni. Kadulidwe kanu n'kaukhondo ndithu kuposa mmene ine ndinkadulira poyamba. Chimene chalakwika n'chakuti chovalacho munachiyezera munthu woima njo ngati chidole cha pashopu ya zovala, pamene thupi lomwe lichivale limapuma, limawerama, limakhala pansi ndiponso limanyamula kapu kupita nayo kukamwa.

Ndiyambe ndi chapachifuwa, poti ndi pomwe pagona vuto lalikulu. Amisiri osula zitsulo a ku Milan, Augsburg ndi Nuremberg m'zaka za m'ma 1400 ankapanga zovala zolemera makilogalamu pakati pa 20 ndi 25, koma munthu wovala ankatha kukwera kavalo, kuthamanga, ngakhale kudzuka yekha akagwa. Chimodzi mwa zinsinsi zawo chinali chakuti chapachifuwa sichinkafika pomwe ife timamangira lamba wa thalauza. Chinkathera m'chiuno chenicheni, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, cha pamchombo kapena pamwamba pake pang'ono, ndipo kuchokera pamenepo kupita m'munsi ankalumikiza timizere tachitsulo tosanjikizana tomwe tinkalowana munthu akakhala pansi. Chanucho chatsika mpaka kuphimba lamba, ndiye mukakhala, ntchafu zikuchikankhira m'mwamba, ndipo kopita kwina chilibe koma kukhosi kwanu.

Malo oyenera kudula mungawapeze nokha popanda wokuyezani. Imani pagalasi mutavala malaya opyapyala, pendekerani kumanzere kenako kumanja, ndipo pomwe thupi likupindika ikani chizindikiro. Pamwamba pake, siyani mpata wa zala ziwiri kapena zitatu kuchokera pakadzenje ka pansi pa khosi. M'lifupi namo muli msampha womwe umakola pafupifupi aliyense woyamba kumene. Tambasulani manja kutsogolo mpaka zikhatho zigundane, ndipo wina ayeze pachifuwa pakati pa makwinya awiri omwe aoneke pafupi ndi m'khwapa. Muyeso umenewo ndi umene chapachifuwa chisapitirire pamalo amenewo. Mukachidula chotero chidzaoneka chaching'ono mochititsa manyazi chili patebulo, ndipo mtima udzakuuzani kuti mwawononga, koma mipatayo imadzabisika ndi zapamapewa pamodzi ndi chovala cham'kati.

Izi ndinaziphunzira mowawa. Chapachifuwa changa choyamba ndinachikongoletsa kwa milungu itatu, ndikumachiyesa madzulo aliwonse pagalasi, koma sindinakhalepo nacho pansi ngakhale kamodzi. Tsiku lokachionetsa litafika, ndinangoti ndikhale pampando kuti ndimange nsapato, m'mphepete mwake munandigunda pansi pa chibwano mpaka ndinadziluma lilime. Tsiku lonse ndinatha chiimire ngati mlonda, anzanga akudya atakhala. Nditabwerera kunyumba ndinadulako masentimita 8 kumunsi ndi pafupifupi 3 mbali iliyonse ya m'khwapa, ndipo chinakhala chovala chomwe ndinagwiritsa ntchito nthawi yaitali kuposa zonse.

Pa zomwe mudzapange m'tsogolo, patani muzitenga pathupi lanu lenileni. Valani chovala chomwe chidzakhale m'kati mwa zidazo, wina akukulungeni ndi pulasitiki wopyapyala wokutira zakudya uja, ndipo pamwamba pake amate tepi yapepala mizere iwiri kapena itatu. Pamene akumata pachifuwa, kokani mpweya kuti nthiti zitambasuke, chifukwa mukapanda kutero mudzapanga chovala chomwe simungapumiremo. Musanavule, ajambule mzere wapakati, malire a chidutswa chilichonse, ndi timizere tating'ono todutsa pomwe padzadulidwe kuti polumikiza mudzadziwe mbali zoyenera kukumana. Akamadula kuti akuvuleni agwiritse ntchito sizasi yosasongoka. Pataniyo ikakana kugona bwino patebulo, idulenimo timipata tooneka ngati mano mpaka igone, ndipo timipata timeneto tikadzamatidwa pafomu ndi tomwe tidzabweretse kubulungira kwa chifuwa. Jambulani theka limodzi lokha, linalo mudzangotembenuza pataniyo, apo ayi mbali ziwirizo sizidzafanana.

Pali kasamu kakang'ono komwe ambiri amakaiwala. Tepi ndi yopyapyala, pamene fomu ili ndi thupi. Mukakulunga mkono ndi fomu yokhuthala mamilimita 10, mufunika kuwonjezera pafupifupi masentimita 3 pa muyeso wozungulira mkonowo kuti mbali ziwiri zingokumana, ndipo pamenepo simunawerengere malo oti mnofu ufufume mukapinda mkono. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti chidutswa chilichonse chiyambe chayesedwa ndi katoni, yomwe mungapemphe pagolosale iliyonse. Ngati mukutenga mapatani a pa intaneti, monga aja otsegulidwa ndi pulogalamu ya ku Japan yotchedwa Pepakura Designer, kumbukirani kuti anajambulidwa motengera thupi la munthu wina. Kukulitsa patani yonse mofanana potengera msinkhu wokha sikuthandiza, chifukwa anthu awiri otalika mofanana akhoza kusiyana kwambiri kutalika kwa mikono ndi kukula kwa chifuwa. Chidutswa chilichonse chiyezedwe pachokha.

Tsopano za zapamapewa zomwe zikuthawira kumsana. Pachithunzi chachitatu ndaona kuti mwazimangirira ndi lamba mmodzi wozungulira mkono basi. Lamba wotero sanganyamule kanthu, chifukwa mkono umachepa kupita m'munsi ndiponso umasintha kukula nthawi iliyonse mukaupinda. Asilikali akale aja ankavala jekete yolimba yothina bwino m'kati, yokhala ndi zingwe pamapewa, m'mikono ndi m'chiuno, ndipo chitsulo chilichonse ankachimangirira kuzingwezo kuti chilendewere kuchokera pamwamba. Inunso chitani chimodzimodzi. Chapaphewa chilichonse chikhale ndi kalamba kakafupi kochokera pamwamba pake kukakola pa lamba wa chapachifuwa pafupi ndi khosi, ndipo kalambako ndiye kanyamule kulemera konse. Kenako muike lasitiki wodutsa kunsi kwa mkono, womasuka ndithu, yemwe ntchito yake ndi kungoletsa chidutswacho kupeperuka. Mukatero, pokweza mkono chapaphewa chidzapendekera kukhosi m'malo mokanirira, ndipo potsitsa chidzabwerera chokha pamalo pake. Zapantchafu nazonso zilendewere kuchokera pa lamba wa m'chiuno kapena malamba odutsa pamapewa. Zapamiyendo m'munsi mwa bondo zokha ndi zomwe zimatha kudzigwira, ngati mwaziumba motsatira katumba.

Malamba ndi zokowekera zake musavutike kuitanitsa kunja. Pakaunjika pamapezeka zikwama zoberekera zong'ambika zomwe amagulitsa motchipa, ndipo chikwama chimodzi chimakupatsani malamba a nayiloni okwanira pamodzi ndi zokowekera zapulasitiki zomwe zimatseka ndi kutseguka ndi dzanja limodzi. Pomata lamba pafomu, yambani mwakanda malowo ndi sandipepa kapena kuwatema timizere tosazama, pakani guluu mbali zonse ziwiri, matani lambayo motalika masentimita osachepera 5, ndipo pamwamba pake mumatenso kachidutswa kena ka fomu kuti lambayo akhale pakati. Velcro, timalamba tiwiri tomatana tokha tija ta pansapato ndi pazikwama, ndi wabwino potseka m'mbali momwe mulibe kukoka kwambiri, koma ndimamukayikira pamalo onyamula kulemera, ndipo amagwira bwino akasokedwa pansalu kusiyana ndi kungomatidwa. Telala wapakhonde angakusokereni zonsezi m'kanthawi kochepa mukamufotokozera bwino.

Mfundo yomweyi ya kulendewera ndi imene imathetsa vuto la pachigongono ndi pabondo. Paliponse pomwe thupi limapindika, chovala chiduke, ndipo zidutswazo zilumikizidwe m'kati ndi malamba ofewa, chilichonse chikuphimba chinzake ndi sentimita imodzi ndi theka kapena awiri. Chapamkono cham'munsi chisafike m'kati mwa chigongono momwe mumapindika. Pindani mkono mpaka dzanja likhudze phewa, ndipo muone pomwe mnofu wam'mwamba ndi wam'munsi zikukumana, chifukwa pamenepo sipayenera kukhala fomu.

Za guluu ndinene mwachidule. Guluu yemwe amagwiritsa ntchito osoka nsapato, wopaka mbali zonse ziwiri uja, ndi amene amagwira EVA bwino, ndipo n'zosadabwitsa poti mapatapata ambiri amapangidwa ndi fomu yamtundu womwewu. Pakani mopyapyala, dikirani mphindi 5 mpaka 10 kufikira asiye kumata chala, kenako gundanitsani pang'onopang'ono kuyambira kumapeto amodzi, podziwa kuti zikakhudzana sizisunthikanso. Ntchitoyi muzigwirira panja kapena pakhonde chifukwa fungo lake limapweteka mutu ndi chifuwa, ndipo likhale kutali ndi moto. Guluu wotenthetsa wa timitengo uja ndi wofulumira, koma amafewa pakatentha, moti chovala chosiyidwa m'galimoto masana a Okutobala mukhoza kuchipeza chitamasuka. Chimodzimodzinso Worbla, pulasitiki wa ku Germany yemwe amafewa pa madigiri pafupifupi 90 n'kumaumbika ndi manja. Ndi wabwino pa tinthu tofuna kulimba, koma ndi wodula, ndi wolemera kuposa fomu, ndipo pa vuto lanuli sangakuthandizeni chilichonse. Mpeni wokha ndiye musaumire. Fomu imabunthitsa lezala msanga modabwitsa, ndipo mpeni ukangoyamba kukoka m'malo modula, unoleni kapena sinthani.

Penti yong'alukayo ili ndi zifukwa ziwiri. Choyamba n'chakuti chovalacho chikukakamizidwa kupindika pamalo pomwe sichinayenere kupindika, makamaka pamimba ndi pafupi ndi m'khwapa, ndipo ndikukhulupirira kuti mukayang'ana mupeza kuti ming'alu yambiri ili pamenepo. Mukakonza kukula kwake, gawo lalikulu la vutoli litha lokha. Chachiwiri ndi zomwe munapaka pansi pa penti. Fomu ili ndi timabowo tosaoneka tomwe timamwa penti, choncho iyambe yadutsidwa ndi mpweya wotentha wa heat gun, chida chamagetsi chouzira mpweya wotentha, mpaka pamwamba pake paoneke kuwala pang'ono, ndipo chida chomwecho ndi chimene chimafewetsa fomu kuti muiumbe pabondo kapena pambale yozungulira. Ena amaiwamba pa mbaula, koma ine sindilimbikitsa, chifukwa kutenthako sikulamulirika ndipo utsi wa fomu yopserera ndi woipa. Ambiri amapaka guluu woyera wa matabwa ngati maziko poti ndi wotchipa, ndipo amachita bwino pa chisoti kapena chishango zomwe sizipindika, koma pa zidutswa zosuntha amachita makwinya ndi kung'aluka. Pamenepo pamafunika maziko otamuka ngati Plasti Dip, mankhwala opopera omwe akauma amakhala ngati rabala, kenako penti ya acrylic yopakidwa mopyapyala kangapo, ulendo uliwonse itauma kaye. Ndipo penti ibwere pomalizira penipeni, malamba onse atamatidwa ndipo chovala chonse mutachivala kwa ola lathunthu muli kuyendayenda pakhomo.

Mu ola limenelo yesani zinthu zomwe mudzachitedi pa tsiku lokachionetsa chovalacho. Khalani pampando, tolani kanthu pansi, kwerani masitepe, imwani madzi, tulutsani foni, ndipo onani ngati mungathe kupita kuchimbudzi popanda kuitana anthu awiri okuvulani. Onaninso ngati mungavule chapachifuwa nokha mofulumira, chifukwa fomu siilowetsa mpweya ngakhale pang'ono ndipo thukuta limangotsikira m'kati. Anzathu okhala ku Johannesburg omwe amapita ku Comic Con Africa, chionetsero chomwe anthu ambiri amavalako zovala zotsanzira anthu a m'mafilimu ndi m'nthano, angakuuzeni kuti maola angapo m'chovala chotere pakati pa chikhamu si masewera. Valani malaya opyapyala oyamwa thukuta m'kati, siyani mipata m'khwapa ndi m'mbali, ndipo ngati mudzapange chisoti, chikhale ndi mabowo opumira komanso muzitha kuona pansi pomwe mukuponda.

Chomwe muli nacho kale musachitaye. Chivaleni, pendekerani m'mbali, jambulani mzere wa m'chiuno ndi choko, ndipo mudule pamenepo. Chidutswa chomwe chichoke kumunsicho chiduleni timizere titatu topingasa, mutilumikize ndi malamba m'kati, n'kutipachikanso pansi pa chapachifuwa kuti tizilowana mukakhala. M'khwapa muzichotsamo sentimita imodzi ulendo uliwonse n'kumayesa, chifukwa zodulidwa sizibwerera. Mukamaliza, tumizaninso zithunzi zitatu musanapake penti ina: china mutakhala pampando, china mutakweza manja onse m'mwamba, china chojambulidwa chakumbali, kuti tione pomwe kalamba ka paphewa kakuyenera kukola.