Kodi pa 3 Malichi timalira ndani?

Mayi wina amene akukhala ku Johannesburg wandilembera imelo. Akuti ana ake amadziwa bwino za 21 Malichi, tsiku limene apolisi adapha anthu 69 ku Sharpeville mu 1960, koma atamufunsa za 3 Malichi yakwathu adangoti kakasi.

Mayi, auzeni anawo za doko la Nkhata Bay. Mbandakucha wa pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage adalamula kuti atsogoleri a Nyasaland African Congress amangidwe, chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene adatikakamiza mu 1953. Dr Kamuzu Banda adawagwira ku Limbe n'kuwatumiza kundende ya Gwelo, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe. Ena a kumpoto adawatsekera m'sitima ya Mpasa, imene inali padoko. Abale awo atamva, adakhamukira kunyanja kukafuna anthu awo, mfuti alibe. Asilikali adawombera. Lipoti la Devlin, woweruza wa ku Britain amene adatsogolera kafukufuku wa nkhaniyi, lidati pamenepo padafa anthu 20, koma eni dera amati adaposa apo. M'dziko lonse, pa nthawi ya chipwirikiticho, adafa 51.

Ine chimandiwawa n'chakuti tikamakamba za tsikuli timathamangira maina a akuluakulu. Komatu Kamuzu adatuluka m'ndende pa 1 Epulo 1960 n'kudzalamulira zaka 30. Amene adagwa pamchenga paja sadabwerere kwawo, ndipo ambirife sitingatchule ngakhale dzina limodzi.

Ndimakumbukira mmene tsikuli linkakhalira ndili mwana. Wailesi inkangoimba nyimbo zachisoni kuyambira m'mawa. Kumunda kunalibe wopita, mpira ayi, mowa ayi. Agogo ankatikokera m'nyumba tikayamba phokoso, akunong'ona kuti a Youth, achinyamata a chipani cha Kamuzu, amva. Tinkakhaladi chete, koma chifukwa cha mantha. Za sitima ya Mpasa ndidadzazimva ndili wamkulu kale. Taganizani, tsiku lokumbukira anthu ofera ufulu, ife n'kumalisunga mwaukapolo!

Lero ufulu ulipo, koma ambiri angolisandutsa tsiku lochapa ndi kuonera mpira. Sindikuwadzudzula kwenikweni, palibe adawafotokozera.

Ndiye mukadzabwera kumudzi pa holide, dzakwereni basi mpaka ku Nkhata Bay. Chipilala chokumbukira anthuwa chilipo, ndipo chaka chilichonse kumachitika mapemphero. Anawo akaone okha pamene sitimayo idaima, kenako mukawagulire batala wowotcha.