Ziganizo zosamaliza zikhale poyambira kucheza

Achemwali, mwafunsa ngati pothandiza mtsikana amene mukumupatsa uphungu mungagwiritse ntchito ziganizo zosamaliza, zomwe munthu amapatsidwa mawu oyamba okha kuti amalize yekha. Zigwiritseni ntchito ndithu, koma zikhale poyambira kucheza, osati chida chogamulira kuti ali ndi matenda a maganizo. Njira imene katswiri wa za maganizo Julian Rotter anatulutsa mu 1950 ili ndi ziganizo 40, ndipo kawerengedwe ka mayankho ake anakayesera pa ophunzira a ku America, m'Chingerezi. Mukazimasulira m'Chichewa, miyeso ija simungaidalirenso.

Ine ndinalakwitsapo. Mnyamata wina anamaliza chiganizo chakuti "Bambo anga..." ndi mawu akuti "ndimawaopa". Mtima unagunda, ndinathamangira kuganiza kuti amamenyedwa. Nditamufunsa modekha, anati amatanthauza ulemu, kuti sangakhale pampando bambo ake ataimirira. Kwathu kuno kuopa ndi kulemekeza zimayendera limodzi. Choncho muwerengereni mtsikanayo zimene walembazo, mumufunse kuti, "Apa umatanthauza chiyani?" Akakhala chete, mudikireni, musamuyankhire.

Koma akalemba zofuna kudzipha, musazengereze, pitani naye tsiku lomwelo kwa dokotala wa matenda a maganizo pachipatala cha boma, kapena kuchipatala cha St John of God ku Mzuzu. Ngati wina akumugwiririra, dziwitsani a Victim Support Unit kupolisi.