Kodi William Carey "adabwera" ku India kapena "adapita"?

Mphunzitsi wina wa Sande sukulu watitumizira ndime yomwe walemba yonena za William Carey, mmishonale wa mpingo wa Baptist wochokera ku England. Chiganizo choyamba chikuti: "Carey adabwera ku India m'chaka cha 1793 ndipo adatanthauzira Baibulo." Funso lake ndi lakuti, kodi Chichewachi chili bwino?

Chaka mwakhoza aphunzitsi, koma aneni awiriwo akutsimphina.

Tiyambe ndi "kubwera". Mneni ameneyu amaloza komwe kuli wolankhula. Munthu wa ku Calcutta, mzinda wa ku India komwe Carey adakafikira, ndiye anganene kuti Carey adabwera, popeza sitima idakocheza kwawo. Inu ndi ana anuwo muli kuno, choncho kwa inu Carey adapita. Ndipo Chichewa chokoma kwambiri chili mu kaphatikizo kakang'ono ka -ka-, kosonyeza kuti zinthu zidachitikira kutali ndi ife. Tamverani: "Mkulu wosoka nsapatoyu adanyamuka ku England mu Juni 1793 nakafika ku Calcutta mu Novembala." Kapenanso: "Mu 1800 adakakhazikika ku Serampore, dera lomwe linali m'manja mwa dziko la Denmark, chifukwa kampani ya Angerezi ya East India, yomwe inkalamulira madera ena a India, sinkafuna amishonale m'madera ake." Mukachotsa -ka- chiganizo sichilakwika ayi, koma mwana sakumvanso kutalika kwa ulendowo.

Musasokoneze ndi "kubwerera". Mawu awa alibe vuto kulikonse mungakhale. Mutha kulemba kuti Carey sadabwererenso kwawo mpaka adamwalira ku Serampore komweko mu 1834.

Pa "kutanthauzira" anthu amatsutsana, ndipo ambiri amangosakaniza ndi "kumasulira". Ine ndimasiyanitsa. Mlaliki akawerenga vesi n'kuyamba kufotokoza zomwe likunena, akutanthauzira. Munthu akachotsa mawu m'chiyankhulo china n'kuwaika m'china, akumasulira. Carey adachita chachiwirichi: Chipangano Chatsopano cha m'Chibengali chidatuluka mu 1801, chitasindikizidwa ndi mnzake William Ward. Moto utawononga nyumba yosindikizira mabuku mu 1812, zolemba zambiri zidapsa, ndipo adayambiranso kumasulira zina mwa izo. Mukati "adatanthauzira Baibulo", ana aganiza kuti ankangolalikira. Onjezeraninso chiyankhulocho: "adamasulira Baibulo m'Chibengali".

Chomaliza simudafunse, koma ndachiona m'ndime yanu. Mwalemba "m'mishonale". Nkhodolero timaiika pamene m' akuimira "mu", monga m'nyumba, m'Chibengali, m'chaka. Mmishonale ndi munthu, ngati mmisiri kapena mmwenye, ndiye lembani opanda nkhodolero. Akachuluka ndi amishonale, monga Carey, Ward ndi Joshua Marshman omwe adatsegula koleji ya Serampore mu 1818.