Natsu ndi Lucy: palibe gawo lomwe mwadumpha

Achemwali, mwati mwamaliza anime (katuni ya ku Japan) ya Fairy Tail yonse, magawo 328, koma simukuona pomwe Natsu ndi Lucy anagwirizana za chibwenzi, ndiye mukufunsa ngati mwina mwadumpha penapake. Simunadumphe ayi. Sanafunsirane, sanapsompsonane. Mkangano umenewu unayaka mu 2017, manga (buku la zithunzi lomwe katuniyi inachokera) itatha pa mutu 545, ndipo mpaka lero anthu amakokanakokana ngati abale olimbirana munda wa malemu.

Takumbukirani mathero aja. Lucy walandira mphoto chifukwa cha buku lake, waledzera paphwando, m'mawa wadzuka n'kupeza Natsu ndi mphaka mnzake Happy ali tambwalale m'nyumba mwake, monga amachitira. Akumbukira zonse kuchokera tsiku lomwe anakumana padoko la Hargeon, misozi mbwembwembwe, n'kumukumbatira Natsu. Natsu amuyandikira, tonsefe mitima m'mwamba, iye n'kungonena zoti adzakhala limodzi mpaka kalekale, kenako tiyeni ku ntchito ya zaka 100. Foni ndinatsala pang'ono kuiponya.

Amene amati ndi ubwenzi wamba sakunama kwenikweni. M'mutu mwa Natsu mumadzadza ndewu, chakudya ndi Igneel, chinjoka chomwe chinamulera. Gulu lofuna Natsu akhale ndi Lisanna, mnzake wa paubwana, nalo limakumbutsa kuti awiriwa ali ana ankasewera masanje a bambo ndi mayi, akufungatira dzira lomwe Happy anatulukamo. Koma Lisanna atabwerako ku Edolas, dziko lina lokhala ndi anthu ofanana ndi akunowa, nkhaniyo inangozilala, ndiye ine sindiiwerengera.

Kwa ine mnyamatayu anagwa kalekale, kungoti pakamwa sipadziwa. Lucy atadwala n'kulephera kupita kukaona mtengo wa maluwa a utawaleza, ndani anauzula mtengo wonse, kuukweza m'bwato kuti udutse mumtsinje pafupi ndi windo lake? Nanga nthawi ya mpikisano wa Grand Magic Games, Lucy wochokera kutsogolo ataphedwa ndi Rogue wakutsogolo uja, munaiona nkhope ya Natsu? Mnzake Gray, Natsu amamukonda ngati m'bale, inde, koma sangamuzulire mtengo.

Tsono chomwe ambiri mugulu muno amaphonya ndi ichi: Hiro Mashima, mlembi wa Fairy Tail, zachikondi amazitha. Mu Rave Master, manga yake ina, Haru ndi Elie anakwatirana. Mu Fairy Tail momwemo Gajeel ndi Levy anafika poyembekezera mwana, Gajeel yemwe uja anamupachika Levy pamtengo poyamba paja (imeneyo ndi nkhani ina, tidzakangana tsiku lina). Ndiye ngati awiri akuluakuluwa anawasiya m'malere, ndi dala. Chaka chotsatira, mu 2018, kunatuluka 100 Years Quest yopitiriza Fairy Tail, nkhani akukonza Mashima yemweyo, kujambula Atsuo Ueda. Mukawakwatitsa pa mutu 545, owerenga muwakoka ndi chiyani? Nyambo yomweyo ya "kodi lero anena?" ndi yomwe imatibweza mutu ndi mutu.

Ndipo mkuluyu amatiseweretsa poyera. Mu 100 Years Quest akabwerera ku Edolas apeza Natsu ndi Lucy a kumeneko ali pabanja, ali ndi mwana wamkazi, Nasha. Pepani ngati ndakuululirani. Athuwa angoyang'ana, Lucy manyazi, ulendo n'kupitirira.

Anime yake inayamba mu 2024, magawo 25. Oneranidi, ndi yokoma, koma musagule bandulo poganiza kuti mukaona ukwati.