Masheya anga akutsika, ndigulitse? Funso lochokera ku Makawa

Mayi wina wandilembera kuti: "Ine ndimapikula usipa ku Makawa nkumakagulitsa ku Limbe. Chaka chatha ndinagula masheya a banki ina ndi ndalama ya ku banki m'khonde, anakwera bwinobwino koma masabata awiri apitawa akungotsika ndiye pa gulu lathu la WhatsApp aliyense akuti gulitsani zisanafike poipa. Tulo sindikuona. Nditani?"

Mayi, pepani ndi nkhawayo, koma musayimbe kaye foni kwa buloka wanu, yemwe amakugulirani ndi kukugulitsirani masheya. Zomwe zikuchitikazi inu mumaziona kale kunyanja. Mwera ukawomba masiku atatu asodzi osalowa m'madzi, ogula mumakhamukira bwato limodzi, wina akatchula mtengo wina akuwonjezera, chigoba nkufika mtengo woti mukafika ku Limbe mukudzifunsa kuti kodi ndinatani ine. Tsiku lina usipa wafa wambiri, mathandala adzadza, kumwamba kwachita mdima, wina angoti mvula ikubwera basi aliyense akutaya pa mtengo uliwonse. Usipa ndi womwewo, chasintha ndi mitima ya anthu.

Ku Malawi Stock Exchange, msika wa masheya wa ku Blantyre, ndi chimodzimodzi, mwinanso kuposa, chifukwa msika wathu ndi waung'ono. Unayamba malonda mu 1996 ndi kampani imodzi yokha, NICO, ndipo mpaka lero makampani ake ndi ochepa, ogula ndi ogulitsa pa tsiku si ambiri ayi. Ndiye anthu owerengeka akachita mantha nkuyika masheya awo pa mtengo wotsika, mtengo womwe mukuuona pa foni umatsika kwa aliyense, ena akaona choncho nawonso mtima phaa, nkugulitsa, mtengo nkutsikanso, zikungotsatana choncho pomwe ku banki kuja anthu ali pa mzere monga mwa masiku onse.

Ngakhale misika ikuluikulu zimaichitikira. Pa 19 October 1987 ku New York, Dow Jones, yomwe ndi muyeso wa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a ku America, inagwa ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi lokha, mafakitale osapsa, nkhondo osabuka. Mu March 2020 Covid itavuta, malonda kumeneko anaimitsidwa kanayi mwezi umodzi kuti anthu apume kaye, koma chaka chisanathe msika unali utabwerera mpaka kupitirira pomwe unali. Amene anagulitsa ali ndi mantha mu March anatsala akudziluma chala.

Za kusowa tuloko, si inu nokha. Akatswiri awiri a kaganizidwe ka anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anayamba kulemba za zimenezi mu 1979 ndipo anapeza kuti kuluza kumapweteka pafupifupi kawiri kuposa mmene kupindula ndalama yofanana kumakomera. K50,000 ikabwera mumasangalala tsiku limodzi, ikapita mumailira sabata yonse. Nchifukwa chake mitengo ikamagwa imagwa mothamanga. Ndipo dyera nalo limagwira ntchito yomweyo mitengo ikamakwera, munthu amagula chifukwa mnzake wa kutchalitchi kapena kumzikiti wapindula, kampaniyo osaidziwa nkomwe. Ndikufunseni mwaulemu mayi, inu munagula chifukwa munawerenga za bankiyo kapena chifukwa gulu lomweli linkati gulani? Ngati ndi gulu, ndiye kuti anthu omwe anakulowetsani ndi omwe akufuna kukutulutsani, ndipo zimenezi zimandiwawa chifukwa ambiri mwa iwo sanaonepo lipoti la kampani ndi limodzi lomwe.

Pomwe usipa ndi masheya zimasiyana ndi apa. Usipa wauwisi ukachedwa umaola, ndiye kutaya kumakhala ndi chifukwa. Sheya siola. Ngati munali ndi masheya 2,000 mukadali nawo 2,000, ndipo kampani ikagawa dividend, gawo la phindu lomwe imapereka kwa eni masheya, mulandira pa onsewo. Kuluza kwenikweni kumachitika tsiku lomwe mwagulitsa pansi pa mtengo womwe munagulira.

Sikuti kutsika kulikonse ndi mantha chabe ayi. Nthawi zina kampani imakhala ikudwaladi, kapena mtengo unakwera mopitirira phindu lomwe imapanga ndiye ukubwerera pamalo pake. Makampani a pa msikawu amayenera kutulutsa zotsatira zawo pakatha miyezi 6 komanso kumapeto kwa chaka chawo, zimatuluka m'nyuzipepala, ndipo buloka wanu akhoza kukutumizirani. Onani ngati phindu lakwera kapena latsika poyerekeza ndi chaka chatha, ngongole zosabwezedwa zikuchuluka kapena ayi, dividend akupereka kapena asiya. Kumbukiraninso kuti kusunga kwacha m'chikwama nako kuli ndi ngozi yake, mu November 2023 inagwa ndi 44 peresenti tonse tikuona.

Chomwe chingandichititse kuti ndikuuzeni gulitsaniko ena ndi ngati ndalamayi ndi mpamba wa usipa kapena fizi ya teremu ikubwerayi, kapena ngati inali ngongole ya ku banki m'khonde yomwe ikubereka chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi. Ndalama yotere sinayenera kulowa mu masheya, ndipo kugulitsa gawo loti mubweze ngongoleyo si mantha. Koma ngati inali ya masheya anu a ku banki m'khonde omwe munagawana kumapeto kwa chaka ndipo simukuifuna zaka zitatu kapena zisanu zikubwerazi, tsekani kaye gulu la WhatsApp lija kwa sabata imodzi, mtengo muziuona kamodzi pa mwezi, ndipo mundilemberenso kuti munagula pa mtengo wanji komanso zotsatira za bankiyo zikuti chiyani, tiwerengere limodzi.