Ma blueberry akutchire pa Khirisimasi: ndikuyankha mtsikana wa ku Halifax uja

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wakwathu yemwe wafika ku Halifax, m'chigawo cha Nova Scotia kuno ku Canada, chaka chomwechino, akugwira ntchito yosamalira okalamba. Nkhani yake mwachidule ndi iyi: kuntchito kwawo achita maere opatsana mphatso, malire ake madola 25, ndiye iye wagwera mayi wina wachikulire wa ku Cumberland County, boma lina la m'chigawo chomwecho, amene pakamwa pake sipachoka ma blueberry akwawo. Pamwamba apo pali a landilodi omwe akhala akumuchitira chifundo, komanso mnzake akupita kumudzi pa 20 Disembala ndiye mtsikanayu akufuna kutumizako kanthu kwa amayi ake ku Zomba. Funso lake: "Anti, akutchirewa akusiyana bwanji ndi omwe ndikuwaona m'timabokosi mu sitolo ya Sobeys, nanga ndingapange nawo chani choti munthu alandire osandiseka?"

Mwana wanga, choyamba timabokosi tapulasitiki tija tisiye pomwepo pa shelefu. Ndikunena izi chifukwa ine zinandionekera chaka changa choyamba kuno ku Moncton. Ndinagula tiwiri, zipatso zonenepa bwino ngati nthudza zakupsa, ndamangira kariboni kofiira, ulendo kwa agogo ena oyandikana nawo nyumba. Analandira bwinobwino, kenako anatembenuza kabokosi nkuwerenga kuti Peru, basi anangomwetulira nkuti khala pansi ndikuphikire tiyi. Manyazi ake ndimawamvabe mpaka lero kkkk. Zili ngati kupatsa munthu wa ku Karonga mpunga wa m'paketi wochokera kunja nkumati ndakugulirani kilombero.

Ma blueberry akuluakulu a m'timabokosi aja ndi olimidwa. Amabzalidwa m'mizere, zitsamba zake zimatha kutalika kufanana ndi munthu, anayamba kuwalima ku New Jersey ku America ndipo oyamba anagulitsidwa mu 1916, pano ali paliponse, Peru, Chile, Joni, ngakhale pa Zimbabwe ndi Zambia pompa akulima. Si oipa ayi, ine ndimadya. Koma Disembala kuno kunja kuli mbuu ndi chipale, ndiye chilichonse chomwe ukuchiona chili fuleshi chayenda ulendo wautali kuchokera kum'mwera.

Akutchire ndi tizipatso ting'onoting'ono, kukula kwake ngati nandolo, ndipo chitsamba chake sichifika nkomwe m'mawondo. Sabzala. Chimangoyanga chokha pansi pa nthaka, mlimi ntchito yake ndi kulambula tchire kuti chipeze malo, kenako kudulira kapena kutentha, ndipo munda umodzi umakololedwa kamodzi pa zaka ziwiri, chaka china umapuma. Nditamva zotentha mundazi ndinaseka ndekha, ndinati eti nawonso amatentha tchire ngati kwathu, kungoti iwo sasaka mbewa. Kukolola kumayamba kumapeto kwa Julayi mpaka chakumayambiriro kwa Seputembala, ena ndi chida chonga chipeso chachikulu chokhala ndi chogwirira, utawerama tsiku lonse msana nkumalira, ena ndi makina. A Mi'kmaq ndi a Passamaquoddy, mitundu ya eni nthaka akuno, ankathyola nkumayanika zipatsozi kalekale azungu asanafike, mpaka pano a Passamaquoddy ali ndi kampani yawoyawo ya ma blueberry ku Maine ku America. Ndipo poti zitsamba za m'munda umodzi ndi zamitundumitundu, ukatapa dzanja limodzi upezamo ena otsekemera ena owawasa ena akuda bii, nchifukwa chake kakomedwe kake sikafanana ndi aja am'mizere. Ukudziwa mmene masuku amtengo uwu amasiyanirana ndi amtengo uwo? Ndi chimodzimodzi.

Mayi wako wa ku Cumberland County uja sakudzitama chabe. Tauni ya Oxford ili m'boma lomwelo, imadzitcha likulu la ma blueberry akutchire mu Canada monse, ndipo kampani ya Oxford Frozen Foods yomwe John Bragg anayambitsa mu 1968 ili komweko. Nova Scotia inachita kukhazikitsa mwalamulo mu 1996 kuti chipatso cha chigawo chawo ndi chimenechi. Ndiye pita ku mafiriji oundanitsa aja kumapeto kwa sitolo, yang'ana thumba lolembedwa kuti wild. Pafupifupi onse akutchire amaundanitsidwa akangokololedwa, chifukwa khungu lake ndi lofewa sachedwa kuphwanyika, ndiye usaone ngati ukugula zotsalira, eni ake amadya omwewo.

Tsopano apa ndimvere bwino. Mayi ameneyo usamupatse jamu. Munthu wakulira m'minda imeneyi, kunyumba kwake kuli mabotolo a jamu ophikidwa mmene ankaphikira agogo ake, wako akangoikidwa kumbuyo kwa kabati. Mupatse chomwe sanalaweko chibadwire: chigumu cha ma blueberry. Ine ndakhala ndikuphika chimenechi Khirisimasi iliyonse ndipo sichibwerako ngakhale nyenyeswa. Makapu 2 a mgaiwa, ukasowa gula cornmeal yachikasu ija imachita, kapu imodzi ya fulawa, theka la kapu ya shuga, supuni yaing'ono imodzi ya soda, kamchere, mazira 2, mafuta ophikira masupuni 4, ndi makapu 2 a chambiko, kuno amati buttermilk. Sakaniza zouma pazokha zamadzi pazokha, phatikiza, osatakasa ngati ukuphika nsima ayi, kungoti ufa usaoneke. Ma blueberry kapu imodzi ndi theka, usawasungunule, atulutse mufiriji nthawi yomweyo, uwagubuduze mu kafulawa pang'ono kenako uwalowetse mofatsa komaliza. Uvuni pa 180, kapena 350 poti mauvuni akuno amawerenga mwa chi America, mphindi 35 mpaka 40, ubaye ndi mpeni ukatuluka wouma chapsa.

Soda usapyoze muyeso. Ine tsiku lina dzanja linalemera, chigumu chinatuluka ndi mawanga obiriwira kuzungulira chipatso chilichonse ngati chachita nkhungu, ana anakana kudya. Utoto wa m'khungu la blueberry umasintha, ukakumana ndi soda wambiri umapita kobiriwira, ukakumana ndi ndimu umafiira. Chambiko chija chimathandiza kuti zisafike pamenepo.

Chikazizira chikulunge mu kansalu ka chitenje, ngati unabwera ndi tiyi wa Chombe kapena wina aliyense wa ku Thyolo ikapo paketi imodzi, ndipo ulembe kakalata ndi dzanja kuti ichi kwathu timati chigumu, ena amati chikondamoyo, timadyera tiyi m'mawa, zipatsozo ndi zakwanu. Madola 25 aja sufikako nkomwe, otsalawo ugule kabotolo ka uchi kapena ka maple syrup, manyuchi ochokera ku mtengo wa maple, kuti azithira pamwamba. Ndipo ukafuna kuti akukonde mpaka kalekale, mufunse akuphunzitse blueberry grunt. Ndi chakudya cha ku Nova Scotia komweko, amawiritsa zipatso ndi shuga mu poto, nkuponyamo timibulu ta fulawa pamwamba, kuvundikira mphindi 15 osatsegula, akuti dzinalo linabwera chifukwa cha kaphokoso komwe poto amachita akamabwata. Anthu achikulire kuno ukawafunsa resipi umakhala wawapatsa mphatso yachiwiri.

A landilodi ndiye apatse jamu. Makapu 4 a zipatso, makapu 2 ndi theka a shuga, madzi a ndimu masupuni 2, mu poto wokhuthala pansi komanso wamkulu chifukwa zimafufuma zikawira. Moto wapakati, uzitakasa kuti zisapserere, pakatha mphindi 20 kapena 25 yamba kuyesa. Ika kambale mufiriji kazizire, dontheza jamu pang'ono, dikira kamphindi, kankha ndi chala, akachita makwinya wapsa. Ndimu usaiwale, ndi amene amathandiza kuti agwirane komanso amadzutsa kakomedwe, popanda iye jamu amangokhala shuga wofiirira. Upeza timabotolo tiwiri kapena titatu ta 250 ml. Ngati ukufuna akhalitse pa shelefu, mabotolo akhale otsuka ndi otentha, zivundikiro zatsopano, ukatseka uwawiritse m'madzi owamiza mphindi 10. Ngati ulesi wakugwira palibe mlandu, koma lemba pa botolo kuti asunge mufiriji ndipo amalize pasanathe masabata atatu. Uvale malaya akale tsiku limenelo, ndipo supuni yamtengo yomwe ugwiritse ntchito idzakhala yofiirira mpaka kale, mthiko wako wa nsima ubise.

Ukakhala kuti mashifiti akupanikiza ndipo nthawi yophika palibe, pita Loweruka ku Halifax Seaport Farmers' Market, sukalephera kupeza jamu kapena juwisi wa akutchire wopangidwa m'chigawo momwemo, ungowerenga chizindikiro kuti pali mawu aja akuti wild. Wina akakuuza za chokoleti cha ansembe achi Trappist a ku Dolbeau-Mistassini ku Quebec, chija amakutira ma blueberry afuleshi, nchokomadi zedi koma chimapezeka nthawi yokolola yokha, Disembala usavutike kuchisaka. Anthu a dera limenelo la Lac-Saint-Jean mpaka amatchedwa ma Bleuets, dzina la chipatsocho m'Chifalansa, ngati mmene tingatchulire anthu a ku Mwanza kuti manachesi. Chomwe ungachite wekha ndi kusungunula chokoleti chakuda, kuthira pa pepala lophikira, kuwaza ma blueberry ouma ndi mtedza wokazinga, chikauma nkuthyolathyola. Ana a landilodi akuthokoza. Oundana aja apa ayi, madzi ake amaononga chokoleti.

Za ku Zomba. Oundana iwalako, pofika pa Chileka adzakhala phala ndipo zovala za mnzakoyo zidzasanduka zofiirira, ubale nkutha. Jamu wophika wekha nayenso ayi, chivundikiro chikangofooka m'ndege ndi nkhani yomweyo. Gula wotsekedwa kufakitale, umuike mu pulasitiki yotseka, umukulunge mu sokosi, alowe m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege. M'chikwama cham'manja jamu amawerengedwa ngati zamadzimadzi, malire ndi 100 ml, ine langa botolo lathunthu linatsala pa eyapoti ina ndikuliona ndi maso angawa likulowa mu bini, ndinatsala pang'ono kupempha supuni kuti ndidyeretu pomwepo.

Chabwino koposa kwa amayi ndi ma blueberry ouma. Sapepuka pamtengo koma amapepuka m'chikwama, saopa kutentha kwa Disembala, ndipo safuna firiji, magetsi azime asazime. Ambiri amakhala othira kale shuga ndiye ngati amayi ali ndi matenda a shuga werenga kaye kumbuyo kwa paketi. Uwauze aziponya kadzanja kamodzi mu phala likali pamoto kuti afufume, kapena mu chambiko, kapena m'zitumbuwa, ndipo uwachenjezeretu kuti lilime likada asathamangire ku chipatala. Komanso uwauze kuti ndi zakudya. Amayi anga nditawatumizira koyamba anaika paketi mu kabati yagalasi pamodzi ndi makapu a alendo, aliyense wobwera ankangoonetsedwa kuti izi zachokera ku Canada, ndinakaipeza ili chitsekere patatha miyezi 8. Ndiye tenga cholembera chachikulu ulembe pa paketipo kuti amayi idyani isanafike Pasaka.