Amaryllis belladonna ikungotulutsa masamba, maluwa ayi

Mayi wina wandilembera imelo kudandaula kuti anabzala Amaryllis belladonna, chomera cha maluwa chokhala ndi chianyezi pansi pa nthaka, zaka ziwiri zapitazo, koma amangoona masamba obiriwira bwino, duwa osaoneka. Akufunsa ngati awonjezere feteleza kapena angozula.

Mayi, chonde musazule. Chomerachi kwawo ndi ku Western Cape ku South Africa, kumene mvula imagwa nthawi yozizira, pomwe nthawi yotentha nthaka imauma gwa. Chinazolowera moyo umenewo. Masamba amakula kukazizira, amauma kukatentha, ndipo kutentha kukayamba kuchepa phesi limatuluka m'nthaka lopanda tsamba ndi limodzi lomwe, litanyamula maluwa apinki onunkhira. Kumwera kwa dziko lapansi izi zimachitika kuyambira February mpaka April.

Chimene ndikukayikira kwambiri ndi madzi. Ambiri amathirira dimba lonse mofanana chaka chathunthu, osadziwa kuti chianyezi cha pansicho chimafuna miyezi yokhala chouma ndi kutenthedwa ndi dzuwa kuti chikonze duwa. Chikamanyowa nthawi yopuma chimangobala masamba, mwinanso kuwola kumene. Masamba akauma okha, lekani kuthirira. Ndipo musawadule akadali obiriwira ngakhale atagwa mosakongola, chifukwa ndi amene amasunga chakudya cha maluwa a chaka chamawa.

Onaninso mmene munabzalira. Khosi la chianyezicho liyenera kukhala cha pamwamba pa nthaka, pamalo owomba dzuwa ndiponso osadikha madzi. Mukachikwirira mozama kapena pamthunzi wa mtengo, maluwa muiwale.

Za feteleza, pewani wa nitrogen wambiri, amangonenepetsa masamba. Wokhala ndi potassium ndiye wothandiza, ndipo muthire pang'ono masamba akamakula.

Mwinanso palibe chimene mwalakwitsa. Amaryllis belladonna imadana ndi kusamutsidwa, ndipo ikabzalidwa kumene imatha chaka kapena ziwiri isanayambe kuchita maluwa. Ikachulukana n'kupanikizana pamalo amodzi ndi pamene imakongola kwambiri, choncho musafulumire kuigawa.

Ngati pafupi muli ndi Nerine bowdenii, chomera chinanso cha maluwa chokhala ndi chianyezi, musaisamale mofanana. Nayonso imachita maluwa kutentha kukamatha, koma masamba ake amakula nthawi yotentha, ndiye imafuna madzi pa nthawi imene inzakeyo ikupuma. Zianyezi za Amaryllis zili ndi poizoni, muzizisunga kutali ndi ana, agalu komanso anyezi wodya.